Maondo a Tadala

Ndine amene ndinalimbikitsa achemwali anga kuti mwana wawo Tadala akakhale kumalo owongolera ana ovuta, kunja kwa Joni. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo ankathawa sukulu n'kumangoyendayenda ku Mayfair, dera lina la mu Joni momwemo.

Patapita miyezi iwiri ndinakwera takisi ku Park Station kukamuona. Analowa m'chipinda cha alendo n'kundipatsa moni ali chiimire.

"Iwe, sakuphunzitsani ulemu kuno? Gwada!" ndinamukalipira.

"Amayi aang'ono, sindingathe," anatero, n'kukweza siketi pang'ono. Maondo onse awiri anali zilonda zokhazokha. Anandiuza kuti aliyense woyankhula pa nthawi ya chakudya amamugwaditsa pa timiyala kuseri kwa khitchini, manja ali m'mwamba.

Mwina mukuganiza kuti ndinalira kapena ndinalusa. Ayi ndithu. Ndinayamba kufunsa ngati munthu wofuna kuiphunzira ntchitoyo. Timiyala take totani? Mumagwada mpaka nthawi yanji? Amakuyang'anirani ndani? Mpaka pano ndimadzifunsa kuti mayankhowo ndinkafuna kukatani nawo.

Potuluka ndinakumana ndi amayi oyang'anira malowo, makiyi akulendewera m'khosi. Mumtima ndinali nditakonza mawu akuthwa. Koma pakamwa panangotuluka "siyabonga," zikomo wa kumeneko, ndipo maondo angawa anapinda okha mwaulemu, ngati ndikulandira mphatso kwa apongozi. Tadala ankaonerera pawindo.

Ndinakawauza mayi ake za zilondazo, ndipo anakamutenga sabata yomweyo. Za maondo anga sindinanene, naye Tadala sanaulule. Koma ndikafika kwawo masiku ano, amandipatsa moni ali chiimire, maso ali pa maondo anga.