Galu wa Adzukulu a Namakhwa

A Dixon Namakhwa anabadwira m'malaini a esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, ndipo akalambira momwemo. Anayamba ndi kuthyola tiyi ngati makolo awo, koma msana utawavuta anawatumiza kunyumba ya manijala kuti azikasamalira agalu. Ntchito imeneyo anaigwira zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Mamanijala ankabwera n'kupita, agalu ankafa ena n'kubwera, iwo ali pomwepo. Ankadziwa pobisala nkhupakupa, ndipo galu wodwala ankamuzindikira asanasiye n'kudya komwe.

Chaka chatha kalata yopumira pantchito inafika, yonena kuti nyumba ya kampani aipereke pakutha pa Juni. Kopita analibe. Akazi awo atamwalira, achibale a mayiwo kwa Mphuka anawauza, mwaulemu ndithu, kuti malo aja ndi a mbumba, osati a mkamwini. Kwawo kwenikweni munda unagawidwa kalekale.

Ndiye mwana wawo Triza, wokwatiwa ku Limbe, atawaimbira kuti ana akulirira galu, adzathandize kusankha, a Namakhwa anakhala pansi n'kuganiza. Galu wamkulu, Alisesheni, amafuna munthu womuphikira, womusambitsa, woyenda naye. Triza ndi mwamuna wake Dan onse amapita kuntchito. Kuseri kwa nyumba yawo kunali kachipinda kosungiramo makala. Kupempha malo kwa mkamwini wawo sakanatha, pakamwa pakanalemera. Koma galu akanawapemphera malowo.

Anakumana Loweruka pa Bvumbwe, kwa mayi wina woweta agalu ogulitsa. A Namakhwa anavala jekete lawo la kutchalitchi. Ananyamula kamwana ka Alisesheni, kukayang'ana m'kamwa, kukagwira miyendo, n'kufotokoza nthawi yaitali za akuba a ku Limbe ndi momwe galu wotere amakondera ana a pakhomo. Dan ankangovomera, maso ali pafoni. Triza mtima unali pa kagalu koyera kaubweya kamene kanali m'katoni, kamene mayi aja ankati Malitizi.

"Ababa, chanucho chikakula atisamalire ndani? Ife sikisi koloko tatuluka."

"Munthu angapezeke," anatero a Namakhwa, akusisita galu uja.

Triza anaseka, nati za wantchito iwo ayi, nyumba yake yachepa kale. Kenaka anawapatsira kagalu koyera kaja n'kufunsa ngati nako kamafuna munthu tsiku lonse.

A Namakhwa anakatembenuza, kukaona m'makutu ndi m'maso. Kanali kabwinobwino. Akanatha kunena kuti timeneti sitichedwa kufa, ndipo Triza akanawakhulupirira. Koma pa nkhani ya agalu anali asananamepo.

"Ayi, aka kamakhala kokha. Madzi basi, ndi kukapesa Lamlungu."

Triza ndi Dan anatenga kagalu koyera komweko. Powaperekeza pa siteji, Triza anafunsa za Juni. Anamuyankha kuti zikukonzedwa, iye n'kuvomera, minibasi n'kunyamuka.

Lero a Namakhwa akukhala kuseri kwa chigayo pa Thyolo Boma, m'kachipinda kamene anawabwereka mnzawo wa kutchalitchi mpaka mwini wake atabwerako ku Joni. Sabata yatha Triza anaimba. Anati kagalu kaja kakuwononga mipando, ndiye asesa kachipinda ka makala kaja. Kodi kangamagone mmenemo?

Anamuuza kuti kangagone, koma ayale chiguduli pansi, chifukwa simenti imazizira kwambiri mwezi uno.