Chala Chopanda Inki pa Mpopi wa ku Chawama

Ndikukumbukira chisankho china m'zaka za chipani chimodzi, ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, tikukhala ku Chawama. Tsiku lovota amayi analithera ku kiliniki ndi mng'ono wanga amene ankatsegula m'mimba. Aka kanali koyamba kuti aphonye voti, pakuti nthawi zonse ankalawirira, atavala chitenje cha kutchalitchi.

Kutacha, anyamata a chipani anakaima pa mpopi wa dera lathu n'kumayang'ana zala. Wopanda inki ya kovotera sankaloledwa kutunga madzi. Kwathu mgolo unali gwaa, matewera a wodwalayo ali mulu pakhomo.

Komboni yonse inkadziwa njira yake. Mankhwala ofiirira opaka pa zilonda, aja timati jiivii, ankafanana ndi inkiyo. Ndinathamanga kukabwereka kabotolo, ndikudziona wochenjera. Amayi anakayang'ana, n'kundikoka khutu mpaka misozi.

"Bweza. Chala changa sichinama."

Anandisenzetsa ndowa, tinapita. Pamzere panali matope ndi fungo la sopo. Wotsogolera anyamatawo anali Mulenga, mwana wa aneba athu.

"Bamai, chala! Ngati simunavote, manzi palibe."

Amayi anatambasula manja onse awiri, oyera.

"Nenze ku kiliniki na mwana. Iwe Mulenga, si ndine nenze kukusambika pa pompi yamene ino, bamai bako bali mu chipatala? Unanionesa chala?"

Wina anaseka kumbuyo. Kenako mayi wogulitsa makala, amene anavota ndithu, anabisa manja ake m'chitenje. Mzere wonse unachita chimodzimodzi. Mulenga anayang'ana uku ndi uku, wosowa chala choti aone, mpaka anapatuka. Ndowa yathu inadzaza, ndipo sindinasenzepo madzi monyada ngati tsiku limenelo.

Masana omwewo abambo analembera akuluakulu a dera kalata yodandaula, ataika pepala la kaboni kunsi kwake kuti asunge kope. Yankho silinabwere. Kope lake ndikulisungabe mufayilo, pamodzi ndi makadi onse ovotera a amayi, pakuti chisankho chotsatira anavota, osatumidwa ndi munthu.

Inenso sindinaphonyepo. Koma ndinaona ndi maso anga kuti kukakamiza kumachulukitsa zala zopaka, osati ovota. Choncho kwa inu amene mukufuna lamulo lokakamiza nzika kuvota, ndikubwereza funso la m'kalata ya abambo: mayi amene wathera tsiku ku kiliniki mudzamulanga ndi chiyani? Ndikupempha mwaulemu kuti ulendo uno liyankhidwe, molemba.