Bokosi la Paini la ku Libuyu

Ku koleji ya zankhalango ndinakhalako miyezi isanu, n'kubwerako ndi zinthu ziwiri: bulangete la eni ake ndi phunziro limodzi la tizilombo toboola makungwa a paini. Bulangetelo linandithandiza msanga. Phunzirolo linadikira maliro.

Masiku amenewo ndinkakhoma mabokosi a maliro ku Libuyu. Matabwa olimba a mukusi anali odula, choncho ndinkagula matabwa a paini ochokera ku minda ya ku Copperbelt, kumene ankagwetsa mitengo isanakhwime poti tizilombo tinali titailowa. Matabwawo ankabwera ndi makungwa mbali imodzi. Mmisiri waulemu amasenda. Ine ndinkangotembenuzira khungwalo kunsi, pakuti mwini bokosi sadandaula.

Atamwalira bambo amene ndinkachita lendi kwawo, bokosi ndinakhoma ndine. Tinaliika pa mabenchi awiri pabwalo, dzuwa likuswa mtengo, abusa n'kuti titseke maso. Patangoti zii, bokosi linayamba: kwe, kwe, kwe.

Tonse tinatsegula maso.

"Mwamvela?" anakuwa mlongo wa malemu, akuloza mayi wamasiye. "Akana kuyenda! Ba mulamu, kambani, munamuchita chani m'bale wanga?"

Mayi wamasiyeyo, amene ankandigawira ndiwo mwezi ukafika pakati, anangogwira pakamwa. Azimayi amene anakhala nawo pamphasa anayamba kusendera kutali. Bambo wina anali atatola kale njerwa.

Pansi pa bokosi ndinaona kafumbi kofiirira ngati fodya wa mphuno. Ndinadziwa chimene chinkakanda. Ndinadziwanso kuti ndikatsegula pakamwa, njerwa ija isintha njira.

Ndinaimika dzanja ngati m'kalasi. "Ni tudoyo chabe, tuzilombo twa mu paini." Mawu anatuluka a mbuzi.

"Ba koleji, nkhalani pansi!" anandikalipira wina.

M'malo mwake ndinakwawira kunsi kwa bokosi, malemu ali pamwamba panga, n'kukanganula khungwa ndi kiyi. Mkati mwake munali tinjira tokhotakhota, timphutsi toyera, ndi tizilombo takuda tochepa ngati mpunga. Nditatuluka nalo n'kuonetsa anthu, tina tinagwera pa nsapato ya abusa.

Mlongo uja anayang'anitsitsa. "Manje m'bale wanga mwamugoneka mu chakudya cha tudoyo?"

"Inde, amayi."

Njerwa inandipeza paphewa, ndipo sindinaitsutse. Azimayi aja anabwerera pamphasa mmodzimmodzi, ndipo mayi wamasiye anaperekeza amuna awo kumanda atagwiridwa mikono ndi anzawo.

Ku Libuyu palibe anandigulanso bokosi. Mabokosi atatu amene anatsala ndinawasenda bwinobwino, mwaulemu wonse, n'kuwasandutsa mashelefu.