Mitengo Khumi ndi Umodzi ya a Ndowa

Pasukulu yathu pali bambo wosamalira pabwalo amene tonse timangowatcha a Ndowa. Dzina lawo lenileni lili m'kaundula ku ofesi, koma ngakhale akazi awo akabwera kudzawafuna amafunsa kuti, "A Ndowa mwawaonako?" Dzinali analipeza chifukwa sayenda chimanjamanja. Kaya akukatsegula geti, kaya aitanidwa ndi a hedi, ndowa yachitsulo yopindika pakamwa ili kudzanja.

Asanabwere kuno anali wowotcha njerwa, zaka makumi awiri. Tsiku lina ndinawafunsa kuti uvuni umodzi umatha mitengo ingati.

"Aphunzitsi, uvuni sukhuta," anatero. "Phiri lonse la kumtunda kwathu lija linalowa pakamwa pa uvuni, wosonkhezera ndili ine."

Chaka china mvula inachedwa miyezi iwiri, ndipo itabwera inagwa ya mwezi wathunthu tsiku limodzi. Madzi anatsika m'phiri lopanda mtengo lija n'kugwetsa nyumba yawo, yomangidwa ndi njerwa zowotcha okha. Palibe anafa, koma kuyambira pamenepo sanafunenso kuona uvuni. Mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, yemwe ndi mlonda wa sukulu ino, ndi amene anawapezera ntchito.

Kalasi yanga ili kumapeto kwenikweni, ndipo khoma lake lalitali linayang'ana kumadzulo, kumene kuli msewu. Denga ndi la malata, lopanda siling'i, ana ndi makumi asanu ndi atatu. Pamene ndinkayamba ntchito, kutentha kunkativuta mwezi umodzi kapena iwiri. Masiku ano kumayamba msanga n'kukana kuchoka. Dzuwa likapendeka, khomalo limatentha ngati chiwaya. Choko chimanyowa m'manja, ana amaweramira pamadesiki, wina amatuluka kamfuno, ndipo teremu siitha popanda mwana wokomoka. Ndinachita kuika dongosolo: chigubu cha madzi pakona, nsalu yonyowa pa msomali, ndipo aang'ono kwambiri amakhala kutali ndi khomalo.

A Ndowa ankakonda kusesa pansi pa zenera langa, khutu lili m'kalasi. Tsiku lina anamva ndikufotokozera ana kuti utsi wa mafakitale, wa galimoto ndi wa nkhalango zotenthedwa umaunjikana kumwamba ngati bulangeti, kutentha kwa dzuwa n'kumalephera kubwerera, ndipo mitengo ndi imene imameza mpweya woipawo. Ana atatuluka, a Ndowa anasuzumira pazenera.

"Ndiye kuti utsi wa njerwa zanga uja ulinso m'bulangetimo?"

"Ulimo, bambo, koma ndi kaulusi chabe. Wochuluka ndi wa mayiko a mafakitale aakulu."

"Kaulusi kanga ndikakasolole ndekha," anatero, n'kunyamula ndowa yawo.

Chaka chomwecho kunabwera bungwe lina ndi mbande mazana awiri. Anasankha malo a pakati pa khoma langa ndi msewu. Alendo anabzala, anajambulitsa, anasamba m'manja n'kumapita. Pasanathe milungu itatu mbande zinayamba kufota. A Ndowa anafukula imodzi n'kubwera nayo pakhomo la kalasi. Inali idakali m'chubu chake chapulasitiki, mizu itapiringizana mkati ngati tsitsi losapesa.

"Taonani anthu ophunzira," anatero. "Amuika m'manda atavala nsapato."

Anafukula zonse mazana awiri, imodziimodzi, akung'amba machubu ndi kampeni. Zinapulumuka khumi ndi imodzi, zonse za keshya. Kwa zaka zitatu anazithirira ndi madzi alionse amene akanatayidwa: osambira m'manja ana, otsukira makapu a aphunzitsi, otayikira pa mjigo. Anazimangira timipanda ta minga chifukwa cha mbuzi. Ana anaipatsa mitengoyo mayina, ndipo wina wopindika pang'ono ankautcha "a Hedi Akuwerama." Mlamu wawo ankawaseka.

"Alamu, mlongo wanga mumamusamala chonchi?"

"Mlongo wanu amadziwa njira ya ku mjigo. Awa alibe miyendo."

Chaka chachitatu mitengo inapitirira mazenera. Masana ena ndinagusa khoma lija ndi dzanja ndipo ndinapeza kuti theka lake n'lozizira. Teremu imeneyo palibe mwana anakomoka. Ndinawaitana a Ndowa kuti adzakhudze okha. Anagwira khomalo nthawi yaitali, kenako anati akathirire.

Ndiye kunabwera bungwe lachiwiri. Anatsogoza mnyamata wa kamera, wovala magalasi akuda, kudzaona malo. Anazungulira sukulu yonse ndi a hedi n'kudzaima pakhoma langa, pomwe dzina la sukulu linalembedwa ndi penti. Zenera linali lotsegula, ndinamva zonse.

"Apa ndiye pabwino," anatero mnyamatayo, "dzina likuoneka, msewu uli pafupi. Koma tchire ili lichoke. Otithandiza amafuna kuona malo ouma, opanda kanthu, kuti adziwe kuti pakufunikadi mitengo."

"Zimenezo n'zazing'ono," anatero a hedi.

Ndinadikira kuti wina aseke. Palibe anaseka.

Tinapita tonse awiri ku ofesi, ine ndi a Ndowa. A hedi si munthu woipa mtima. Ndi munthu amene akaona galimoto yaikulu pageti, sadziwanso kukana. Ndinawauza za khoma, za ana, za teremu yopanda wokomoka. Anandimvetsera akugwedeza mutu.

"Mwalankhula bwino, aphunzitsi. Koma taganizani: tikuchotsa khumi ndi umodzi, tikulandira mazana atatu. Masamu mumaphunzitsa nokha."

"Bwana," anatero a Ndowa, "mazana atatu aja ndi aatali ngati chala changa. Kumbuyo kwa ofesi kuli malo, ku bwalo la mpira kuli malo."

"Kumeneko dzina la sukulu silioneka. Piriranipo, bambo. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka."

"Mame sadula mitengo, bwana. Ine chikwanje sindigwira."

A hedi anati nkhaniyo aiganizirabe. Ine, kupusa kwanga, ndinakhulupirira.

Kutatsala tsiku limodzi kuti mwambo wobzala mbandezo uchitike, a Ndowa anatumidwa ndi ngolo kukabwereka mipando ku sukulu ina, ulendo wa maola atatu. Ine ndi ana anga tinatumidwa ku holo kukaphunzira nyimbo yolandirira alendo. Inali nyimbo yonena za ubwino wa mitengo. Tili pa ndime yachiwiri tinamva kugunda kwa chikwanje. Ana anasiya kuimba mmodzimmodzi. Pofika ine kukhomako, mitengo isanu ndi iwiri inali pansi, mlonda, mlamu wa a Ndowa uja, ali thukuta kamukamu, atavala tisheti yatsopano yobiriwira. Pachifuwa panalembedwa kuti "Bzala mtengo, pulumutsa dziko."

"Bambo, mukuchita chiyani?"

"Ndatumidwa, aphunzitsi. Kafunseni ku ofesi."

Ku ofesi kunali kokiya. Pobwerera ndinapeza yonse yagwa.

A Ndowa anafika masana, mipando ili mulu pangolo. Anaima n'kuyang'ana zitsa, kenako nthambi zimene anazikokera kudzala, kenako mlamu wawo.

"Alamu, yakukhalani bwino tishetiyo."

"Musandiyang'ane choncho, alamu. Ndikanakana akanapeza wina."

"Akanapezadi wina. Koma winayo sakanabwera kwathu Lamlungu kudzakhala pa mpando wanga."

Sanakweze mawu. Analavulira pambali, n'kuyamba kutsitsa mipando.

Za mwambowo sindifuna kukumbukira zambiri, koma ndinaona zonse. Zitsa anazikumba n'kusalaza dothi kuti paoneke ngati sipanamerepo kanthu chilengedwere. Kunabwera galimoto zisanu ndi zinayi, ndipo zinayi mwa izo injini zinali chilirire kwa maola atatu kuti mkati muzizizira, mabwana asadzapse pobwerera. Jenereta inkafuka utsi kuseri kwa tenti. Alendo anakhala pamthunzi wa tentiyo ndi madzi a m'mabotolo, ana anga ali ndandanda padzuwa. Mlendo wolemekezeka analankhula mphindi makumi anayi. Anati dziko likutentha, madzi osefukira akuchuluka, mvula yasokonekera, ndipo vuto ndi anthu wamba amene samvetsa kufunika kwa mtengo. Zambiri zimene ananena zinali zoona, ndipo n'zimene zinandikwiyitsa kwambiri. Ali pakati pa mawu akuti "tsogolo la ana athu," kamtsikana kanga kena ka pamzere woyamba kanagwa chafufumimba. Ndinakanyamula kupita nako kuseri kwa ofesi. Mnyamata wa kamera anasuntha pang'ono kuti ndisalowe m'chithunzi.

Kenako anafuna munthu wooneka ngati wa ntchito kuti apatsire mlendo khasu. Anaitana a Ndowa. Anapita, anapereka khasulo ndi manja awiri monga mwaulemu, ndipo anaima pomwepo kuonerera mlendo akuika mbande m'dzenje pamodzi ndi chubu chake, n'kukwirira, n'kupondaponda ndi nsapato yonyezimira. Anthu anaomba m'manja.

Atapita onse, pabwalo panatsala mabotolo ndi mapepala. A hedi analamula kuti zisesedwe n'kutenthedwa pamodzi ndi nthambi zija. Utsi wa pulasitiki unalowa m'kalasi mwanga masiku awiri.

Ndinkaganiza kuti a Ndowa asiya ntchito. M'mawa mwake ndinawapeza atagwada pakhoma paja ndi kampeni kawo, akufukula mbande. Koma sankazibwezera m'maenje. Ankaziika mu wilibala.

"Mukupita nazo kuti, bambo?"

"Kuseri kwa zimbudzi."

"Nanga khoma langali?"

Anapukuta kampeni pa buluku. "Aphunzitsi, pano si pobzala mitengo. Pano ndi munda wa zithunzi. Ndikathirira zaka zitatu, abwera ena a magalasi akuda, alamu anga alandira tisheti ina. Kuzimbudzi kamera siifikako."

Ndinawapempha kuti asiyeko zisanu zokha. Anazisiya, chifukwa cha ine. Chaka chotsatira zinazulidwa pokonza malo oimika galimoto za alendo ena.

Papita zaka zinayi tsopano. A Ndowa akalamba, ndowa amainyamula theka. Mlamu wawo amapatsana naye moni wa pageti basi, ndipo akazi awo anatopa n'kuwayanjanitsa. Pakati pa khoma langa ndi msewu pabzalidwanso kawiri, ndipo pali mbee, fumbi lokhalokha ndi zikwangwani zitatu za mabungwe. Kutentha chaka chino kwaposa zaka zonse zimene ndaphunzitsa.

Koma kuseri kwa zimbudzi kuli kankhalango. Mitengo makumi anayi ndi iwiri, yaitali kuposa denga, mphepo yake yozizira bwino ngati ungapirire fungo. Ndi malo okhawo a mthunzi pasukulu yonse. Dzuwa likapendeka, manja amayamba kukwera m'kalasi mwanga.

"Aphunzitsi, ndikufuna kupita kuseri."

"Inenso, aphunzitsi, m'mimba."

Ndimadziwa kuti m'mimba mulibe kanthu. Ndinalemba mndandanda n'kuumata pachitseko: anayianayi, mphindi zisanu, kuyambira amene akhala pafupi ndi khoma. Amapita, amakaima pamthunzi atatsina mphuno, a Ndowa ali pambali ndi ndowa yawo kuwauza kuti asathyole nthambi, kenako amabwerera kudzapatsa mpata anzawo.