Nkhafi ya Bambo Pakati pa Chia

Dzulo m'mawa ndikuchapa matewera kunyanja ya Chia, ndinamva mayi wina tsidya lina akukalipira mwana wake, mawu onse bwinobwino ngati ali pambali panga. Madzi akachita bata amatero, amanyamula mawu kutali. Ndinakumbuka bambo.

Ndili wamng'ono anandikweza m'bwato, iwo ndi mng'ono wawo a Saidi, kuti akanditule kwa azakhali. Ndinkadziwa kale kuti nsomba zimamva. Asodzi akatchera ukonde amamenya bwato ndi nkhafi, phokoso limalowa pansi pa madzi, chambo n'kuthawira mu ukondemo.

Tili pakati, a Saidi anayamba kudandaula. "Achimwene, dzulo andibweza pamsika, ati ndilibe khadi la chipani. Nsomba zonse zawola. Kodi anthu amenewa akufuna tizidya..."

Bambo anayamba kumenya bwato, gu gu gu, mpaka mapazi anga ananjenjemera. A Saidi akati atsegule pakamwa, iwo ankamenyanso.

"Bambo, ukonde simunatchere," ndinatero. "Mukupirikitsa chiyani?"

"Kapa madzi, iwe."

Padooko tinapeza achinyamata a chipani atakhala pamchenga. "Mumakambirana zotani uko, madala? Tamva za khadi."

"Amati akagula mawa," anayankha bambo. A Saidi anavomera ndi mutu, maso ali pansi, ndipo mawa lake anakaguladi.

Ine ndinkaona ngati bambo asokonezeka mutu. Ndazindikira nditakula kuti masiku amenewo ngakhale pakati pa madzi panalibe podandaulira, ndipo nkhafi ija ndiyo inachititsa kuti mng'ono wawo agone kwawo.