Duku Loyera la Amayi

Ndinadzuka kusanache, ngakhale kunena zoona sikunali kugona kwenikweni. Tinachezera pa mikeka pabalaza, pambali pa bokosi la Amayi, ndipo tulo tinangondiba pang'ono nditatsamira khoma. Linali Lachinayi, m'mwezi wozizira, ndipo nyumba yathu ya m'komboni ya St Mary's, pafupi ndi Harare, imalowa mphepo paliponse. Panja azibambo anali atazinga moto, akuyankhula chapansipansi. M'nyumba amayi a mpingo wathu anali atafunda mabulangete mpaka m'makutu. Usiku wonse sanayimbe nyimbo ngakhale imodzi, chifukwa anali ataletsedwa. Maliro opanda nyimbo ndinali ndisanawaonepo chibadwire, ndipo zinandiwawa kwambiri.

Ndinalumpha miyendo ya anthu n'kulowa kuchipinda kwa Amayi. Kuseri kwa chitseko kunali msomali, ndipo pa msomalipo panali yunifomu yawo ya bungwe la amayi a mpingo: siketi yakuda, bulawuzi yoyera ndi duku loyera. Ndinaitsitsa, ndinatuluka kukapala makala pa moto wa azibambo, ndinathira m'simbi, n'kuyamba kusita pa tebulo la kukhitchini. Ndinali nditatsimikiza mtima kuti Amayi apita atavala zimenezi, wina afune asafune.

Amayi anali munthu wa kanema. Anabadwira pa famu ya fodya, kwa makolo ochokera ku Nyasalande. Ali mtsikana, pafamupo panabwera azungu a boma ndi makina awo ojambulira, akufuna mwana woti asenze ndowa n'kudutsa osayang'ana makinawo. Anzawo onse ankaseka kapena kuthawa. Amayi anasenza ndowayo n'kudutsa ngati palibe munthu. Kuchokera pamenepo anakhala mkazi wabwino wa m'makanema ophunzitsa aja, amene ankaonetsedwa pa chinsalu m'makomboni. Ankawiritsa madzi akumwa, ankasesa pabwalo, ankapita ndi mwana kusikelo. Masiku amenewo mpingo unkawanyadira. Mkulu wa mpingo wathu ankawaloza ali kutsogolo, kuti azimayi onse atengere chitsanzo. Sanafunsepo ngati mwana wa m'kanemayo anali wawo, kapena ngati mwamuna wobwera ndi khasu m'kanemamo anali bambo wathu.

Ufulu utabwera, mu Harare munadzaza anthu akunja ojambula makanema akuluakulu. Akafuna khamu la anthu, ankatuma galimoto kwa Amayi, ndipo Amayi ankayenda khomo ndi khomo kuitana malova, amayi amasiye ndi ogulitsa pamsika. Kenaka mnyamata wina wakuno konkuno anajambula kanema wake woyamba, n'kuwapatsa Amayi mbali yaikulu, ya mayi wa shabini amene mwana wake sanabwereko kunkhondo. Anavala diresi lofiira, anavina atagwira botolo, ndipo kumapeto analira kulira koti muholo monse munangoti zii. Imeneyo ndiyo inali ntchito yawo yabwino koposa, ndipo ankadziwa.

Mkulu wa mpingo uja kanemayo sanamuonere. Anangomva. Amayi anadulidwa mgonero, ndipo analetsedwa kuvala yunifomu kufikira ataima pamaso pa mpingo kulapa. Amayi anayankha kuti m'botolomo munali tiyi wozizira, ndipo iwo sangalape tiyi. Zaka zinapita zili choncho. Lamulungu ankapita kutchalitchi n'kukhala kumbuyo. Lachinayi lililonse, tsiku la msonkhano wa amayi, ankasita yunifomu yawo bwinobwino n'kuibwezera pa msomali. Ine ndinali m'bungwe lomwelo. Ndinkatuluka nditavala zanga zoyera, iwo akundikonza kolala pakhomo.

Dzulo lake la maliro, mkuluyo anabwera kudzatiuza zimene akuluakulu anagwirizana. Yunifomu ayi. Nyimbo za amayi ayi. Amayi a bungwe abwere ndi zovala wamba. Iye adzangonena pemphero lalifupi kumanda, chifukwa cha ife ana. Potuluka anawonjezera kuti paja malemuwo anali ndi diresi lodziwika ndi tauni yonse, tingathe kuwaveka limenelo. Mawu amenewo ndi amene anandidzutsa m'mawa.

Mchimwene wanga anandipeza ndikusita. Iye anakulira m'Chishona, Chichewa amangomva koma kuyankha amachita manyazi.

"Sisi, regai," anatero, kutanthauza kuti ndisiye. "Mukufuna maliro a Mhamha akhale nyaya ya St Mary's yonse?"

Ndinamuuza kuti Amayi anakhala nkhani ya St Mary's yonse moyo wawo wonse, ndipo sanadwalepo nazo mutu. Anapukusa mutu n'kutuluka.

Kunja kunayamba kuyera. Azimayi oyandikana nafe anakoleza moto kuseri kwa nyumba, anatereka migolo ya madzi a tiyi, ena anakhala pansi kudula kabichi. Utsi unkakwawa pansi chifukwa cha chisanu. Vuto langa linali limodzi. Mwana saveka mtembo wa mayi wake. Pali amayi achikulire amene amagwira ntchito imeneyi pakati pathu, ndipo onse ndi a mpingo. Ndinawagwadira mmodzimmodzi, yunifomu ili m'manja. Aliyense ankayang'ana pansi. Sindinawakwiyire, chifukwa ndinkadziwa kuti nawonso adzafuna kuyimbiridwa tsiku lawo likadzafika.

Basi yoyamba ya ku Harare inabweretsa mayi wina wamfupi, wachikulire, atanyamula chikwama chansalu. Anali wosoka ndi woveka anthu a m'makanema, Mshona, ndipo anagwira ntchito ndi Amayi zaka zambiri. Diresi lofiira lija anasoka ndi iyeyo. Atalira pabokosi, anandiona nditakhala pakona ndi yunifomu, n'kundifunsa chimene chavuta. Ndinamufotokozera. Anatsegula chikwama chake, anatulutsa mapini, anawaluma pakamwa.

"Ndini ndaivapfekedza," anatero, kutanthauza kuti ndi iye amene ankawaveka nthawi zonse. "Nhasi, lero lino, ndichite mantha ndi ndani?"

Azibambo ananyamula bokosi kulowetsa kuchipinda, n'kutuluka. Ine ndinaima pakhomo nditatembenukira kunja. Patapita nthawi mayi uja anandiitana. Bulawuzi inali itakhala bwino, kolala ili chilili monga ankafunira Amayi. Koma duku analimanga ngati la pa ukwati, mfundo ili patsogolo. Amayi a bungwe lathu samanga choncho. Ndisanayankhule, kunalowa mayi wina wa bungwe lathu, mnzawo wa Amayi wakalekale, amene anachokera nawo limodzi kufamu, akuti akufuna shuga. Shuga sakhala kuchipinda. Anayang'ana dukulo, anatsonya, analimasula, n'kulimanganso mwa chikhalidwe chake, mphumi itaphimbika, mfundo ili kumbuyo. Anasisita tsaya la Amayi ndi chala n'kutuluka wopanda shuga.

Dzuwa litakwera anthu anayamba kufika. Ndinkayembekezera achibale ndi oyandikana nawo. Koma ankangobwerabe, wapansi kuchokera ku komboni ya Zengeza, ena pa matekisi odzaza mpaka kumbuyo kuchokera ku komboni ya Unit C. Ambiri ndinkawadziwa nkhope. Anali anthu a khamu la Amayi. Panali bambo wogulitsa malasha amene anaphedwa ndi mkondo m'makanema angapo, n'kumadzuka kukalandira chakudya chamasana. Panali azimayi amene anathawa mudzi woyaka moto mobwerezabwereza tsiku limodzi, chifukwa mzungu sankakhutira ndi kathawidwe kawo. Mnyamata wojambula uja anabweranso, wopanda makina, ndipo anavula jekete n'kuyamba kuwaza nkhuni. Mpanda wa oyandikana nafe unagwa chifukwa cha kuchuluka kwa anthu, mwini wake anangoti tidzaona mawa.

Amayi a mpingo anakhala mbali yawo, atavala zitenje ndi majuzi wamba, ngati anthu opita kuchigayo. Ndinalowa kuchipinda kwanga n'kuvala yunifomu yanga. Sindinapemphe aliyense.

Itakwana nthawi yoona nkhope, bokosi linaikidwa pa mipando pakhonde. Mkulu wa mpingo anatsogolera mzere, chipewa chili m'manja. Anafika kumutu, anaweramira, n'kuuma pomwepo. Mzere wonse unaima. Anandiyang'ana, anayang'ana zovala zanga, kenaka ananena mokweza kuti duku ndi bulawuzi zichotsedwe bokosi lisanatsekedwe.

Ndinasendera pafupi ndi bokosi. Ndinamuyankha bwinobwino.

"Vulani nokha, abambo. Ndi awa agona apa."

Palibe mwamuna amene angavule mtembo wa mzimayi, pamaso pa ana ake, dzuwa likuswa mtengo. Iye ankadziwa, ine ndinkadziwa, khamu lonse linkadziwa. Anatembenukira kwa amayi a mpingo n'kulamula kuti awiri adzuke. Palibe anadzuka. Anatchula mnzawo wa Amayi uja, poti ndiye wamkulu. Mayiyo anatambasula manja ake onse awiri n'kunena kuti nyamakazi yamugwira kuyambira dzulo, sangathe ngakhale kumasula mfundo. Wina kumbuyo anatsokomola pofuna kubisa phwete.

Mkuluyo anavala chipewa. Anati ngati zili choncho, pemphero la kumanda lija palibe, ndipo dzina langa likakambidwa pa bwalo la akuluakulu. Ndinamuuza kuti msomali wa kuseri kwa chitseko ndikuudziwa. Anadutsa pakati pa anthu, iwo akumupatsa njira mwaulemu wonse, ndipo anapita. Mzere unayambanso kuyenda. Aliyense amene anaweramira bokosilo anaona Amayi atavala zoyera, Lachinayi, monga ankafunira.

Tinanyamuka masana, mphepo itayamba kuulutsa fumbi ndi mapepala mumsewu. Bokosi linali pa lole, ife achibale titakhala mozungulira, khamu likutsatira wapansi. Lole inkayenda pang'onopang'ono. Poyamba kunkangomveka injini ndi mapazi. Ana ankatuluka m'makomo kudzaona maliro achilendo oyenda ngati anthu opita kukhoti.

Titadutsa msika, bambo wa malasha uja anayambitsa nyimbo. Inali nyimbo ya maliro ya mpingo wathu, ya Chichewa. Ndinadabwa kuti waidziwa bwanji, kenaka ndinakumbukira. M'kanema wa shabini uja munali maliro, ndipo wojambula atasowa nyimbo, Amayi anaphunzitsa khamu lawo imeneyi pansi pa mtengo. Onse anailandira. Anayenda monga anawaphunzitsira Amayi, mizere iwiri, osathamanga, osayang'ana uku ndi uku. Koma ambiri anali Ashona, ndipo mawu ankawapotoza momvetsa chisoni. Pamene pamayenera kutchulidwa mpumulo, ankatchula zinthu zosadziwika. Ndinaona amayi a mpingo akuyang'anana, milomo ikuwayabwa. Anapirira ndime yoyamba. Pa ndime yachiwiri mayi wa nyamakazi uja analephera kupirira, anaponya mawu ake okwera pamwamba pa onse, akuwongola mawu amodziamodzi. Anzake anagweramo. Sindikudziwa ngati anayimba chifukwa cha chikondi kapena chifukwa chosafuna kumva nyimbo yawo ikuwonongedwa. Ndikuganiza kuti zinali zonse. Apo m'pamene ndinalira koyamba tsiku limenelo, ndipo ndinalira osadziletsa.

Kumanda nthaka inali youma, yofiira, mphepo ikubwezera dothi m'dzenje. Bokosi linatsitsidwa. Anthu ankayembekezera pemphero, ndipo wopemphera panalibe. Abusa athu anali kutali, akulu a mpingo anali atatsatira mnzawo. Ndinali pafupi kutsegula pakamwa pamene mchimwene wanga anasuntha n'kuima m'mphepete mwa dzenje. Anavula chipewa. Anapemphera m'Chichewa, chimene ndinali ndisanamumvepo akuyankhula pagulu. Chinali Chichewa chothyokathyoka, Chishona chikulowa apa ndi apo. Anauza Mulungu kuti awa ndi amayi athu, anagwira ntchito yawo bwino, anatilera nayo, ndipo abwera atavala yunifomu, muwalandire. Sanapitirire pamenepo. Khamu lonse linavomera ameni wamphamvu, mafosholo anayamba.

Tinabwerera, tinasamba m'manja pachipata, anthu anadya n'kumabalalika. Mayi wosoka uja anandikumbatira n'kuthamangira basi. Amayi a mpingo anatsuka mbale mwakachetechete, ndipo potsanzika aliyense ankandigwira dzanja nthawi yaitali. Tonse tinkadziwa zimene zidzachitike pa bwalo la akuluakulu. Sindinamve chisoni, ndipo mpaka lero sindikumva.

Madzulo nyumba inakhala zii. Achibale otsala anagona msanga pabalaza, pamalo pamene panali bokosi. Panja phulusa linali likufukabe, mpanda uja uli chigwere. Ndinalowa kuchipinda kwa Amayi n'kutseka chitseko. Msomali unali wopanda kanthu, ndipo pakhoma panatsala chizindikiro choyererako pamene yunifomu inkatsamira zaka zonsezo. Ndinavula duku langa, bulawuzi ndi siketi, ndinakung'untha fumbi la kumanda, n'kuzikoleka pamenepo. Simbi ndinaisiya pansi pake, kuti Lachinayi ndisavutike kuifuna.