Bambo Opinda Maparachuti

Bambo a nyumba yapakona, amene ankapinda maparachuti kuusilikali, ndi munthu wotopetsa. Ngakhale nyuzipepala amaipinda ngati muli moyo wa munthu. Mukatchula za ndege, yankho lawo ndi limodzi: "Aliyense amene anaulukadi anasaina m'kope langa."

Pa 9 Juni, phungu wodzitama kuti ankaulutsa ndege zankhondo anabwera kudzawapempha umboni, poti anthu ankamukayikira. Mwana wa bambowa amayendetsa galimoto ya phunguyo, choncho mayi a mwanayo anali atawachonderera amuna awo sabata yathunthu: "Inu bambo ake, mudzangovomera, mwana angachotsedwe ntchito."

Bambo anatsegula kope lija, n'kumalondola mayina ndi chala, osafulumira.

"Bwana, mulimo kamodzi. Pa 3 Okutobala 1986 munabwereka parachuti yokajambulitsira chithunzi. Mpaka lero simunabweze."

Mayi anangodzuka kukauza mwanayo kuti ayambe kufunafuna ntchito ina.